Ndatsala, Pita

Likangala,
Zomba.
14 Ogasiti, 2024.

Okondedwa achimwene a Medson,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji ku Joniko, inu ndi mwana wathu Miriam amene akukusungani? Nanga maso aja anakuchitani opaleshoni ayamba kuona? Kuno tadzuka, Mulungu akutisunga. Kuzizira kwachepako, koma phiri likumafundabe nkhungu mpaka dzuwa litakwera, ndipo mawondo angawa amaimva nkhunguyo isanatsike.

Mudabwa kulandira kalata yochokera kwa ine. Mukudziwa kuti cholembera ndinachigwira nditamera kale imvi, kusukulu ya kwacha, ndipo zilembo zanga zimayenda ngati abakha. Foni ilipo, ndikanatha kuimba. Koma chimene chalakwika kuno chalakwika ndi pakamwa panga, ndiye ndati pakamwapo payambe papuma, lilankhule dzanja. Dzanja limachedwa, limampatsa munthu mpata woganiza. Kalatayi abwera nayo a Fadili, aja amayendetsa basi ya ku Joni. Ngati maso sanayere, Miriam akuwerengereni. Palibenso choti timubisire, pakuti chimene chinali chobisika ndachitaya kale pabwalo ine.

Ndifotokoze kuyambira pachiyambi, musandifulumizitse.

Mvula itangotha kunabwera mtsikana pakhomo panga, dzina lake Abigail. Anaphunzira zoimbaimba kuyunivesite kuno, ndipo Loweruka lililonse amasonkhanitsa achinyamata muholo ina ku Chikamveka n'kumawaphunzitsa. Anagwada bwinobwino, amvekere, "Anganga, ndamva kuti munkaimba ng'oma kuhotela ya kuphiri."

Ine ndinati, "Kalekale, mama, amayi anu asanabadwe."

Iye akuti, "Chaka chino ana anga akuphunzira jazi ya Chilatini, kumene inachokera ndi amene anaiyambitsa. Ndikufuna mudzandithandize."

Ndinati, "Mama, mwasochera khomo. Ine ndine Msilamu. Za Chilatini kafunseni ansembe ku Katolika."

Anaseka mpaka anakhala pansi pakhonde. Kenako anatulutsa foni n'kundiyatsira nyimbo. Achimwene, zinali zathu zija! Malipenga pamwamba, ng'oma zazitali pansi, chachacha ndi rumba zimene tinkavinitsa nazo azungu ndi makalaliki a boma tili mu Nkhungu Jazi Bandi. Mukukumbukira mmene tinkazungulira galamafoni ya a Latif, kubwereza mbale imodzi mpaka singano kutha, n'kumaloweza mawu amene sitinkadziwa ngakhale tanthauzo lake? Mwina tinkatukwana anthu atavala masuti, kaya. Ife tinkangoti ndi nyimbo za ku Kongo. Abigail anandiuza kuti a ku Kongowo nawonso anayamba azimva pa mbale zochokera ku chilumba cha Kyuba, kutsidya kwa nyanja yamchere.

Ndinavomera. Ndinapukuta ng'oma zanga ziwiri, ndinazikunga padzuwa, Loweruka ndinapita. Ana analipo odzaza mabenchi angapo, anyamata ndi atsikana a kusekondale, ena a kumzikiti ena a kutchalitchi. Mdzukulu wanga Jamal analipo, ndi makani ake aja. Ndipo pakona, atakumbatira bokosi lakuda limene ndinalizindikira ndisanakhale pansi, panali Philip wa Dora, mdzukulu wanu, ndi lipenga lanu lija. Mwanayo amaliza bwino, achimwene. Milomo anatengera inu. Koma ndi wofatsa kwambiri, akalakwitsa pang'ono amayang'ana pansi, ndipo Jamal ankakonda kumugemula kuti, "Aise, lipenga la madala lachita dzimbiri, ukalisinthitse ndi mapoto."

Mtsikana uja amadziwa kuphunzitsa. Sankawalembetsa zambiri. Ankawakhazika pansi n'kumawauza kuti ku Kyubako kunali minda ya nzimbe yoposa ya ku Nchalo, ndipo olimamo anali anthu akuda omangidwa kuchokera kuno ku Afirika. Anawalanda dziko, anawalanda chilankhulo, koma manja anakana kuiwala. Eni minda akawaletsa ng'oma, iwo ankaimba pa mabokosi a katundu a kudoko. Patapita mibadwo, zidzukulu zawo zinapita ndi ng'omazo ku Amereka, mumzinda wa Nyuyoko, n'kukumana ndi anthu ena akuda oimba jazi pa malipenga, nawonso zidzukulu za omangidwa. Ng'oma ndi lipenga zinazindikirana ngati ana a mimba imodzi okulira kosiyana. Akuti jazi ya Chilatini inabadwa choncho. Ine ndinkamvetsera kuposa anawo. Zaka zonse zija ndinkaimba chinthu ndisakudziwa kwawo.

Tsiku lina anatulutsa timitengo tiwiri tatifupi. Anati ku Kyuba amatitcha kilave, ndipo nyimbo yonse imatsamira pa timeneti monga denga pa mzati. Anagogoda katatu, anapuma pang'ono, anagogoda kawiri. Katatu, kawiri. Katatu, kawiri.

Kugogoda kumeneko ine ndinakumva ndili mwana, ndisanaonepo galamafoni. Agogo anu a Ellen ankakugogoda ndi msomali pa khasu lakutha poingitsa mbalame m'munda wa mapira, uku akung'ung'udza mawu awiri aja. Nda-tsa-la, pi-ta. Nda-tsa-la, pi-ta. Ndipo inu, mukapumitsa milomo pa siteji, munkatola timitengo n'kumagogoda zomwezo, bandi yonse n'kukhazikika. Sindinakufunsenipo, inunso simunanenepo. Tsiku limenelo muholo ndinadzigwira. Ndikanapitiriza kudzigwira, bwenzi kalata iyi ili ya moni yekha.

Mwezi watha Abigail anapeza lole yoti itikweze kuphiri, anawo akaone kumene tinkaimba. Ulendo unali wabwino. Anagula mabulosi kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu, milomo yonse biii. Ndinawalozera khomo la kumbuyo kwa hotela limene oimba tinkalowera, ndinawauzanso za tsiku lija nkhungu inanyowetsa zikopa za ng'oma ine n'kukaziwamba kukhitchini, ophika akundithamangitsa ndi chipande. Anaseka. Kenako tinapita pamalo paja poonera kutali. Kunja kunali kowala, Chilwa akunyezimira, Mulanje ataima uko, chigwa chonse chili poyera mpaka kumalire.

Pamenepo Abigail anati ambiri mwa omangidwa aja anachokera kumadzulo kwa Afirika ndi ku Kongo, koma zombo zina zinkanyamulanso anthu kumadoko a ku Mozambiki, moti ku Kyuba kunali ena otchedwa Amakua. Mtsikana wina wochenjera, Nadia, wovala hijabu, anafunsa kuti, "Ndiye kuti ena anadutsa pansipa?"

Achimwene, ndikulumbira, mumtima mwanga munalibe choipa. Ndinayang'ana Philip ataima payekha kumbuyo kwa anzake, ndinati lero mwanayu ndimukweze, Jamal aone. Ndinati, "Anadutsa, ndipo mmodzi wa inu ali ndi abale kumeneko."

Ndinawauza zonse mmene ndinazimvera kwathu. Kuti kale ulendo wa minyanga ndi anthu omangidwa unagona m'munsi mwa phirili ukupita kudoko la Kilimane. Kuti mu ulendomo munali atsikana awiri apachibale ogwidwa cha kuchigwa. Kuti wamng'ono anatupa phazi, sakanatha kufika kunyanja, ndiye anamumasula m'goli n'kumusiya. Mkulu wake ankakana kuyenda, akumukwapula, mpaka wamng'onoyo anamuuza kuti, ndatsala, pita. Ndinati wotsalayo ndi amene anabereka a Ellen, agogo awo a agogo ake a Philip, ndipo kugogoda kuja anasiyira ana ake. Ndinati za wopitayo palibe akudziwa, kaya anafera m'njira, kaya anafika kwina, koma ndani angakane kuti mwina anafika ku nzimbe kuja ndi kugogoda kwake m'manja?

Kenako Nadia anayamba kuwomba m'manja, katatu, kawiri. Ena analowerera. Philip anatsegula bokosi, anaika lipenga pakamwa, analiza pamwamba pa manja awo nyimbo imene sindinaimvepo. Nkhope yake inali itawala. Anthu ena odzaona malo anaima n'kumajambula. Ndikanalekera pomwepo, achimwene. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Atamaliza, Nadia yemwe uja anafunsa, "Koma anganga, inuyo mwazidziwa bwanji zimenezi?"

Ndinayankha kuti, "Mwini ulendowo anali agogo awo a bambo anga, Che Stambuli wamkulu. Mtsikana wotsalayo anamusunga pakhomo ndi iwowo."

Vuto si mawu okha ayi. Vuto ndi mmene ndinawatulutsira. Kwathu dzina la Che Stambuli limatchulidwa chifuwa chili patsogolo, munthu wa mfuti, wa nsalu za kunyanja, woyenda maiko. Lilime langa linazolowera kulitchula choncho kuyambira ndili mwana, ndipo tsiku limenelo linatchula choncho, lokha, ine ndisanaliuze kuti pano si malo ake.

Jamal sanachedwe. Amvekere, "Eee! Ndiye kuti Philip ndiwe kapolo wathu? Aise, tandinyamulira ng'omayi, ukaikweze mulole!"

Ena anaseka. Si onse, koma anaseka okwanira. Wina anawonjeza kuti, "Bwana Jamal, mutigawireko mmodzi." Abigail anakalipa, koma madzi anali atatayika kale. Philip anapukuta lipenga ndi malaya ake, analiika m'bokosi, anatseka mahuku onse awiri mosafulumira. Kenako anatembenuka n'kuyamba kutsika wapansi njira ija amaitcha ya mbatata, yotulukira m'tauni. Abigail anamuthamangira, anamupempha akwere lole, anakana. Ine ndinangoima ndikuyang'ana bokosi lanu likulowa m'mitengo ya paini.

Chichokereni tsiku limenelo sanapondenso kuholo. Liwu lija linamutsatira kusukulu. Ndamva kuti analilemba pa desiki yake, ndipo pamafoni awo akumatumizirana chithunzi chake chili ndi mawuwo pansi. Ana ena a kutchalitchi nawonso asiya kubwera, makolo awo akuti sakufuna ana awo azikanyozedwa ndi Achawa. Taonani pamene ndafikitsa zinthu. Ana amene ankadyera limodzi mandasi ayamba kufunsana mitundu.

Jamal ndinamukhazika pansi, ndinamukalipira mpaka mawu anandithera. Anandimvetsera, kenako anati, "Koma anganga, mwanena ndinu. Ndiponso munanena mukumwetulira." Abigail naye anabwera kunyumba, sanakweze mawu, anangoti, "Nkhani ija ndi yoona, ndipo ana ayenera kuidziwa. Koma sinali yanu nokha yoti muipereke." Mwana wa dzulodzulo, koma ananena zimene ine ndinayenera kuzidziwa.

Inu ndi ine takhala limodzi moyo wathu wonse. Tagona pa mphasa imodzi kumaukwati a eni, tanyamulirana maliro, munasala nane kudya tsiku lina la Ramadani pongofuna kuona ngati mungathe, n'kukomoka masana. Nkhani iyi tonse tinkaidziwa, ndipo tinkaizungulira ngati chitsa cha m'njira. Ine ndinkayesa kuti kusaitchulako ndi chifukwa chakuti inatha. Tsopano ndaona kuti inatha kwa ine ndekha. Inu munkaisenza, n'kumandisekerera kuti ndisaone kulemera kwake.

Sabata yatha ndinalimba mtima, ndinapita ku Zakazaka kwa Dora. Anandipatsa mpando, koma m'malo mwa amalume monga amanditchulira masiku onse, anati, "Mwaswera bwanji a Stambuli?" Dzina langa lomwe, koma linandibaya. Anati iye nkhaniyi sankaidziwa n'komwe, waimvera kwa amayi anzake pampopi. Anafunsa kuti, "Bambo anga analakwa chiyani kwa inu?" Ndinati palibe. Anati, "Ndiye bwanji?" Wofunsayo ndi mayi amene mwana wake akukana kubwerera kusukulu.

Philip anali kuseri akuchapa nsapato. Anabwera, anandipatsa moni wa ulemu, anakhala pa njerwa. Ndinapepesa. Kenako, pofuna kumufewetsa mtima, ndinamuuza mbali imene sindinainene kuphiri, imene inu mukuidziwa: kuti mtsikana uja atakula anabereka a Ellen kwa Che Stambuli yemweyo, a Ellen n'kudzathawira ku mishoni ku Domasi. Ndinati, "Waona, mwanangu, iwe ndi Jamal ndinu magazi amodzi. Ine ndikamati achimwene kwa agogo ako si mawu chabe."

Ndinkayesa asangalala. Koma iye anafunsa, "Anamufunsa?"

Ndinati, "Ndani?"

Anati, "Che Stambuliwo. Anamufunsa mtsikanayo ngati akufuna?"

Achimwene, ndakalamba chonchi funso limeneli linali lisanandifikepo m'mutu. Ndinayang'ana pansi ngati mwana ndine.

Anafunsanso, "Dzina lake anali ndani?"

Ndinati kwathu ankamutchula kuti Atsala.

Iye anati, "Limenelo si dzina, anganga. Zimenezo ndi zimene zinamuchitikira. Ndikufunsa dzina limene anamupatsa amayi ake."

Ndinafufuza m'mutu monse. Mfuti ya Che Stambuli inali ndi dzina, ndikulidziwa. Galu wawo wosaka ndikumudziwa dzina. Madambo amene ulendo unkagona ndingawatchule mpaka kumalire. Koma la mwana amene anakhala pakhomo pathu mpaka kukalamba, akutitungira madzi ndi kutiberekera ana, palibe anandiuzapo, ndipo ine sindinafunsepo. Ndapita kwa alongo anga ku Songani, ndafunsa nkhalamba za kumzikiti, onse akungoti Atsala, Atsala.

Philip anaimirira, anatola nsapato zake, anati, "Mukalipeza, mukalitchule kuholo pamaso pa onse amene anaseka aja. Mukatero ndibwera ndi lipenga." Sananene mwachipongwe. Ananena ngati munthu wamkulu amene waganiza kale.

Kumapeto kwa Seputembala anawo akuyenera kuimba pamaso pa makolo. Abigail akuti popanda lipenga adzaimbabe ndi ng'oma zokha. Koma ine chimene chikundisowetsa tulo si chionetserocho. Bokosi lija Dora walikweza pamwamba pa kabati, ndipo mwana wa msinkhu umenewu akasiya chinthu ali ndi chilonda sabwereranso. Ndikuopa kuti ndamulanda lipenga, ndi sukulu yomwe, ndi pakamwa pangapa.

Ndiye pempho langa ndi limeneli. Inu munakulira m'manja mwa a Ellen, munkagona kumapazi kwawo. Mwina tsiku lina, poingitsa mbalame paja, anakutchulirani dzina lenileni la amayi awo. Mwina anatchulanso la mkulu wawo uja anapita. Ngati mukulidziwa, ndikupempha. Ndikudziwa kuti ndikupempha chinthu chimodzi chokha chimene nyumba yathu inalephera kulanda, ndipo mukakana sindidzakudandaulani. Mukafuna, musandiuze ine. Muimbireni Philip mumuuze yekha, likhale lake, ndipo iye akaona kuti ndikuyenera andibwereke tsiku limodzi lokha ndikalitchule.

Ngati nanunso simukulidziwa, mundiuzebe. Ndikaima kuholo kuja chimodzimodzi, ndikawauze ana aja kuti munthuyu anali ndi dzina, ndipo linatayikira pakhomo pa makolo anga. Kaya Philip adzaziwerengera zimenezo, sindikudziwa.

Nkhani zina zilipo, za mtengo wa mapeyala uja munabzala ndi za maliro a a Latif, koma zidikire. Sizikukwana m'kalata muno.

Mundiperekere moni kwa Miriam. Mwanangu Miriam, ngati ukuwerenga ndiwe, pepa kuti wazimvera papepala, ndipo usawasiye okha bambo ako ukamaliza. Moni kwa amuna ako ndi ana. Dora sanandipatse moni woti ndikupatsireni, ndipo sindinama kuti wapereka. Jamal wandipempha kuti ndilembe kuti akupepesa. Ndamuuza kuti kupepesa kwake kusakwere basi ya ku Joni pamene Zakazaka ndi pafupi, apite ndi miyendo yake. Mpaka lero sanapite, koma dzulo ndinamuona atavala nsapato n'kuzivulanso.

A Fadili abwerera kuno pakatha sabata ziwiri. Ndikawadikirira kudepoti. Akabwera chimanjamanja ndidzamva, simufunika kulemba kuti mwakwiya.

Mulungu akuyeretseni maso, akupatseni masiku.

Ndine mng'ono wanu, ngati mukundilolabe kutero,

Shamsu.